Ndege zotera pamadzi zija, ntchito yake inali yotani pankhondo?

Bambo wina wa ku Mangochi amene amawerenga tsamba lino anditumizira imelo. Akuti agogo awo ankakonda kusimba za ndege yaikulu imene inkatera pamadzi ku Cape Maclear, ndiye akufuna kudziwa ngati inali ya nkhondo. Kenako afunsa kuti: "Zithunzi zake ndaziona. Chindege chonenepa chotero, choyenda mwakachetechete, chinkathandiza chiyani pankhondo?"

Zikomo bambo pofunsa. Ndiyambe ndi ndege ya agogo anuyo. Imene inkatera ku Cape Maclear sinali ya nkhondo ayi. Inali ya kampani ya BOAC, mtundu wa Short Solent, ndipo inkanyamula anthu paulendo wochokera ku Southampton kupita ku Vaal Dam pafupi ndi Johannesburg. Inayamba kutera pa nyanja yathu kumapeto kwa 1949, ndipo pofika kumapeto kwa 1950 maulendowo anali atatha. Komabe simunaphonye kwenikweni, chifukwa Solent ndi mdzukulu wa Short Sunderland, ndege imene asilikali a Britain ankalondera nayo nyanja pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Thupi lake ndi lofanana kwambiri, kungoti m'malo mwa mfuti munali mipando.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landigwira mtima, chifukwa chimene mukuchiona ngati chilema ndicho chinali mphamvu ya ndegezi.

Britain inkadya ndi kumenya nkhondo podalira katundu wobwera pa sitima: tirigu, mafuta, zitsulo, zida. Germany inadziwa kuti ikadula msewu wapanyanjawo, nkhondo yatha. Inatumiza sitima zoyenda pansi pa madzi, zotchedwa U-boat, kuti zizimiza sitima za katundu. Koma sitima zimenezi sizinkakhala pansi nthawi zonse monga ambiri amaganizira. Pamwamba pa madzi zinkayendera injini za dizilo ndipo zinkathamanga ndithu, makilomita pafupifupi 30 pa ola. Zikamira zinkadalira mabatire, liwiro n'kutsika kwambiri, ndipo mabatirewo sankachedwa kutha. Kuti U-boat ipeze mdipiti wa sitima za katundu, iutsatire mpaka usiku, iitane zinzake pa wailesi, inkayenera kukhala pamwamba.

Ndiye ndege ikangotulukira chapatali, mkulu wa U-boat analibe kuchitira mwina koma kulamula kuti amire, ndipo zinkawatengera pafupifupi theka la mphindi. Akamira, mdipiti uja unkapitirira, iye n'kutsala m'mbuyo osaonanso kumene walowera. Palibe bomba lagwa, palibe wafa, koma sitima makumi angapo zapulumuka usiku umenewo. Zili ngati mwana woingitsa mbalame m'munda wa mpunga: sitimufunsa kuti wapha mbalame zingati, timayang'ana mpunga umene wafika m'nkhokwe. Ntchito yotere imafuna ndege yokhalitsa m'mwamba, yoyenda pang'onopang'ono kuti maso aone bwino, osati yothamanga.

Panali mitundu iwiri yodziwika kwambiri. Sunderland, ya ku Britain, inauluka koyamba mu 1937, inali ndi injini zinayi, ndipo anapanga 749. Catalina, ya ku America, inali ndi injini ziwiri, inkayenda makilomita pafupifupi 200 pa ola, koma inkatha kukhala m'mwamba usana wonse ndi kupitirira. Anapanga zoposa 3,000. Chifukwa chozipangira thupi la bwato chinali chosavuta: zaka za m'ma 1930 mabwalo aatali a ndege anali ochepa, pomwe madzi odikha anali paliponse. Doko, mtsinje waukulu, nyanja ya pakati pa dziko, zonsezi zinali mabwalo aulere.

M'kati mwa Sunderland munali ngati m'sitima. Munali nsanjika ziwiri, khitchini yaing'ono yokhala ndi mapulaimasi, mabedi opumirapo, chimbudzi, komanso nangula. Malo a mfuti a kutsogolo ankawakokera m'kati kuti munthu aimirire pamphuno ya ndege n'kukola chingwe pomangirira. Mabomba ophulikira pansi pa madzi ankakhala m'mimba mwa ndege, ndipo nthawi yoti aponye ikakwana, ankatsegula zitseko za m'mbali n'kuwakankhira panja pa njanji zodutsa pansi pa mapiko. Anthu khumi kapena kuposerapo ankasinthana, wina pa mfuti, wina pa wailesi, wina pa radar (chipangizo choonera zinthu zili kutali pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi), wina akuwerengera pa mapu kuti ali pati pamalo opanda phiri kapena mtengo. Ambiri mwa anyamatawa anauluka miyezi yathunthu osaona mdani ndi kamodzi komwe, koma ankayenera kuyang'ana madziwo ngati kuti atulukira mphindi yomweyo. Ine ndimaona kuti kulimba mtima kwa mtundu umenewu sikutchulidwa mokwanira.

Poyamba zinthu sizinkayenda bwino. Ndege zinkapakidwa utoto wakuda kunsi, ndiye alonda a pa U-boat ankaziona zikadali kutali. Gulu la akatswiri a sayansi lotsogoleredwa ndi Patrick Blackett linalangiza kuti azipake zoyera kuti zisamaoneke msanga pa mitambo ya ku Atlantic. Linapezanso kuti mabomba ankaphulika pansi kwambiri, mamita pafupifupi 30, pamene sitima imene ungathe kuilasa ndi imene yangoyamba kumira. Atasintha kuti aziphulika pa mamita pafupifupi 8, U-boat zambiri zinayamba kumizidwa.

Masiku amene maso aja anaona kanthu, mbiri inasintha. Pa 26 May 1941, sitima yaikulu ya nkhondo ya Germany, Bismarck, inali itasowa kwa maola oposa 30. Imene inaipeza ndi Catalina ya gulu la 209 Squadron yochokera ku Lough Erne ku Northern Ireland, ndipo tsiku lotsatira Bismarck inamizidwa. Pa 4 April 1942, Leonard Birchall wa ku Canada, akuyendetsa Catalina kumwera kwa Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka, anaona sitima za nkhondo za Japan zikubwera. Uthenga unatumizidwa pa wailesi ndege yake isanagwetsedwe, moti pamene ndege za Japan zinkaphulitsa Colombo m'mawa mwake, zinapeza anthu atachenjezedwa kale. Birchall anakhala mkaidi wa Japan mpaka nkhondo itatha. Ku Midway, chilumba cha m'nyanja ya Pacific, mu June chaka chomwecho, ndi ma Catalina amene anayamba kuona sitima za Japan.

Koma musaganize kuti zonsezi zinkachitika kutali ndi kwathu kuno. Njira ya ku Mediterranean itatsekeka, sitima zopita ku Egypt ndi ku India zinkazungulira ku Cape Town n'kudutsa pakati pa Mozambique ndi Madagascar. M'miyezi ya June ndi July 1942, sitima za pansi pa madzi za Japan zinamiza sitima zoposa 20 m'dera limeneli. Mu October a Germany nawonso anafika ku Cape Town, ndipo pa 28 November U-177 inamiza Nova Scotia kufupi ndi gombe la Natal, anthu 858 n'kufa. Nyanja ya mchere imeneyi ndi yomwe asilikali athu a KAR (King's African Rifles) anawoloka popita ku Madagascar, ku Ceylon ndi ku Burma. Choncho ma Catalina anaikidwa ku Mombasa, ku Dar es Salaam, ku Diego Suarez (Madagascar), ku Durban ndi pa nyanja ya St Lucia ku Zululand.

Pa 20 August 1943, kumwera kwa Madagascar, Catalina ya 259 Squadron inapeza U-197 n'kuivulaza moti sinathenso kukhala pansi pa madzi. Ndegeyo, mabomba atatha, sinachoke. Inangozungulira chapatali ikuitana thandizo, mpaka inafika Catalina ina ya 265 Squadron imene inamaliza ntchitoyo. Anthu onse 67 a m'sitimayo anafera pomwepo. Ndege yothamanga koma yosakhalitsa ikanabwerera kwawo kalekale, sitimayo n'kuthawa usiku.

Mwina mukuganiza kuti popeza zinkatera pamadzi, zinkapulumutsa mosavuta anthu amene sitima zawo zamira. Zinkachitika ndithu. Mu September 1939, ma Sunderland awiri anatola anthu onse 34 a m'sitima ya Kensington Court. Koma ndegezi zinapangidwira madzi odikha a padoko, osati mafunde a pakati pa nyanja, ndipo zingapo zinasweka poyesa kutera kuti zitole anzawo. Kawirikawiri ankangoponya bwato lopopa ndi chakudya, n'kumazungulira pamwamba mpaka sitima itafika.

Ndinenenso kuti sizinapambane nkhondo ya panyanja zokha. Pakatikati pa Atlantic panali dera limene ngakhale izo sizinkafikako, ndipo U-boat zinkasakira kumeneko. Mpata umenewo unatsekedwa mu 1943 ndi ndege za Liberator zonyamuka pamtunda, pamodzi ndi sitima zing'onozing'ono zonyamula ndege. Apa m'pamene panayambira kutha kwa ndege zotera pamadzi. Nkhondo yomweyo inamangitsa mabwalo aatali a konkire m'mayiko ambiri, ndipo ndege ya matayala inali yopepuka, yothamanga, yosadyedwa ndi mchere, yosafuna mabwato ndi anthu oichotsa ndere kunsi. Asilikali a South Africa anapitiriza kuulutsa ma Sunderland kuchokera ku Durban mpaka 1957, ndipo a New Zealand, amene ali ndi zilumba zambiri zoti aziyang'anira, anasiya mu 1967.

Lero zotera pamadzi zatsala pa ntchito zochepa: Japan ili ndi ShinMaywa US-2 yopulumutsira anthu panyanja, ndipo mayiko a kumwera kwa Ulaya amazimitsira moto wa m'tchire ndi ndege za Canadair zimene zimatunga madzi zikuthamanga pamwamba pa nyanja. Ngati muli ndi abale ku Britain, auzeni apite ku RAF Museum ku London kapena ku Duxford, akakujambulireni Sunderland yathunthu, ndipo awonetsetse kuti pachithunzipo pali munthu ataima pambali pake kuti muone kukula kwake.