Ndigule masofa atsopano kuti nyumba yanga ioneke bwino pa zithunzi?

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina amene akukhala ku Manchester. Imelo yawo ndi yaitali, koma mutu wake ndi uwu: "Ndikugulitsa nyumba yanga ya zipinda zogona 3 ku Area 49 ku Lilongwe. Mukukhala achimwene anga ndi banja lawo. Iwo anajambula zithunzi pa foni, tinaika pa Facebook, koma anthu akungofunsa mtengo kenako zii. Ejenti akuti ndigule masofa ndi makatani atsopano, tijambulenso, tipange ndi vidiyo yomwe. Ndilowetsepo ndalama?"

Achemwali, masofawo musagule. Zithunzi munatumiza zija ndaziona, ndipo vuto si kutha kwa sofa ayi. Vuto ndi lakuti nyumbayo sikuoneka. Zikuoneka ndi moyo wa achimwene anu: firiji pabalaza, disipule yodzadza ndi mbale zodyera alendo, kalendala ya kutchalitchi, zithunzi za ukwati, matumba a chimanga atasanjikizana pakona ya chipinda cha ana, makatoni pamwamba pa wadiropu. Palibe cholakwika ndi zimenezi, nafenso kwathu ndi mmene mulili. Koma munthu amene akuyendetsa chala pa foni amafuna aone kukula kwa balaza, matailosi ndi mawindo, ndipo akapanda kuziona msanga amapitirira.

Maganizo a ejenti wanuyo ali ndi kumene anachokera. Ku America kukonza nyumba kuti ikope ogula ndi ntchito payokha, ndipo amene amatchulidwa kuti anaiyambitsa ndi Barb Schwarz, wogulitsa nyumba wa kufupi ndi Seattle, mu 1972. Kumeneko kuli makampani obwereketsa mipando, mabedi ndi zokongoletsa kwa masabata ochepa, nyumba ikagulidwa n'kudzatenga katundu wawo. Zimathandiza makamaka nyumba ikakhala yopanda kanthu. Yanuyi yadzadza kale. Ntchito yanu ndi yochotsa, osati yowonjezera.

Tsono kuchotsako n'kumene kuli nkhani, chifukwa katunduyo si wanu. Musatumize uthenga wa pa WhatsApp wakuti "chotsani zinthu zanu, kukubwera wojambula." Alamu anu adzamva ngati mukuwanena uve, ndipo achimwene adzamva ngati mwayamba kale kuwathamangitsa. Imbani foni, mufotokoze kuti ndi za tsiku limodzi, mutumize ya anyamata awiri onyamula ndi ya sopo. Njira yosavuta ndi kusankha chipinda chimodzi, kapena galaja, kuunjikamo zonse, kujambula kwinako, kenako kusamutsa katunduyo n'kujambula chotsalacho.

Pabalaza patsale mipando yokwanira kuti munthu adutse osakhula mwendo, ndi tebulo lapakati lopanda kanthu. Ngati sofa yang'ambika, ifunditseni nsalu ya mtundu umodzi, yosachita maluwamaluwa. Mawaya a TV ndi ekisitenshoni abisike. Makatani atsegulidwe mpaka kumapeto, magalasi a mawindo apukutidwe mkati ndi kunja, chifukwa fumbi la ku Lilongwe limadya kuwala kuposa mmene anthu amaganizira. Kuchipinda, neti ikulungidwe kapena ichotsedwe kumene, bedi liyalidwe ndi nsalu yoyera yosita, nsapato zilowe pansi penipeni. Kukhitchini kutsale ketulo ndi mbale ya nthochi kapena matimati, basi. Chikolopa, siponji, mapoto akuda ndi mbaula zonse panja.

Kubafa ndiye ndiimepo pang'ono. Pa chithunzi chanu chachisanu pali ndowa ziwiri ndi chigubu chachikasu cha malita 20. Mmalawi aliyense akaona zimenezo amawerenga chinthu chimodzi: kuno madzi amavuta. Komatu inu mwalemba kuti nyumbayo ili ndi thanki ya malita 5,000 kuseri, ndipo thankiyo palibe pa chithunzi ngakhale chimodzi! Chotsani zigubu, miswachi ndi zovala zamkati, tsekani chivundikiro cha toileti, kenako mukajambule thankiyo ndi chitsulo chake chokhalapo. Mujambulenso mita ya magetsi, giza ngati ilipo, mpanda, geti, malo oimika galimoto, ndi boyizi kota. Ogula kuno amayang'ana zimenezi asanayang'ane mtundu wa makatani. Wojambula wa ku Manchester sangaganize zojambula thanki ya madzi, koma ku Area 49 chimenecho ndi chithunzi chogulitsa nyumba.

Ndalama imene mukanagulira masofa ipite ku penti wa pabalaza ndi pakhonde, laimu wa mpanda, polishi wa pansi ngati pali pa simenti, ndi mababu. Mababu akhale a mtundu umodzi nyumba yonse. Pakatoni pamalembedwa nambala: 2700K ndi ofiirira, 6500K ndi oyera mbee. Mukasakaniza, khoma limodzi limatuluka lachikasu, linalo labuluu, ndipo nyumba imaoneka ngati yodwala. Panja atchetche kapinga, asese masamba, achotse chingwe choyanikapo zovala, galimoto ituluke, galu amangidwe.

Nthawi yojambula muiganizirenso. Kunja kumafuna dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula. Ngati khomo lalikulu linaloza kum'mawa, jambulani pakati pa 7 ndi 9 koloko m'mawa. Ngati linaloza kumadzulo, cha m'ma 4 koloko masana. Popeza Lilongwe ili kum'mwera kwa ikweta, kuyambira pakati pa February mpaka kumapeto kwa October dzuwa la masana limadutsa chakumpoto, ndiye nyumba yoloza kum'mwera nkhope yake imakhala mumthunzi miyezi imeneyi. Yotereyi imatuluka bwino kukachita mitambo pang'ono. Dzuwa la paliwombo lipeweni, limachititsa khonde kuda bii pamene malata akuthobwa m'maso. Kwa ine miyezi yokoma ndi April ndi May: mvula yatha, kapinga akadali wobiriwira, kumwamba kuli mbee. Pofika September ndi October udzu wauma ndipo mlengalenga mwadzadza fumbi ndi utsi wa moto wolusa. Chithunzi cha chisisira chija, magetsi onse atayaka kumwamba kukadali buluu, chimakongola zedi, koma kuno mdima sumachedwa. Dzuwa likangolowa muli ndi mphindi 15 kapena 20, ndipo mu June limalowa isanakwane 5:30. Muyambe mwaona ngati tsikulo magetsi alipo.

Foni ya achimwene anu ndi yokwanira. Apukute kagalasi ka kamera, ayatse mizere ya gridi, aime pakona kapena pakhomo, foni ili pachifuwa, yowongoka, osaipendeketsera pansi. Chizindikiro n'chakuti mafelemu a zitseko ndi makona a khoma aime chilili. Pa zithunzi zanu makoma onse akuoneka opendekeka chifukwa anajambula foni ili pamphumi italoza pansi. Za batani la 0.5x samalani. Limalowetsa chipinda chonse, inde, koma limatalikitsa makona, kachipinda ka mamita 3 n'kuoneka ngati holo. M'bafa mwina simungachitire mwina, kwinako 1x ndi yabwino.

Ndipo apa ndi pamene ine ndimaika malire. Kuchotsa chigubu si bodza, chifukwa wogula sagula chigubu. Koma kukankhira wadiropu pamene khoma linang'aluka, kupaka penti pa siling'i yodontha denga lisanakonzedwe, kapena kufufuta ndi AI mzere wa chinyontho m'munsi mwa khoma, kumeneko ndi kunamiza munthu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Wogula nyumba ya mamiliyoni sabwera yekha, amabwera ndi mmisiri wake, ndipo akangopeza chimodzi chobisidwa amayamba kukayika zonse, ndi mapepala a malo omwe. Mapulogalamu oika mipando yongopeka m'chipinda chopanda kanthu alipo ambiri masiku ano. Mukagwiritsa ntchito, lembani pachithunzipo, muikenso chenichenicho pambali.

Vidiyo isapitirire mphindi imodzi ndi theka. Iyambire pageti, ilowe pakhomo, idutse mmene mlendo angayendere, ithere kuseri. Zitseko zonse zikhale zotsegula kale, wailesi ithime, ana apite kwa aneba. Wojambula ayende pang'onopang'ono, mawondo atapinda pang'ono, foni m'manja awiri, ndipo asamale magalasi: pa zithunzi zanu achimwene akuoneka pagalasi la wadiropu atavala vesiti. Ya pa status, TikTok ndi Reels ikhale yoimirira, ya pa YouTube yogona. Mukaona mizere ikuthwanima pa vidiyo magetsi akayaka, chifukwa chake n'chakuti magetsi a kuno ndi a 50 Hz pamene mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa mafelemu 30 kapena 60 pa sekondi. Sinthani muike 25 kapena 50, kapena ingothimitsani mababuwo mujambule ndi kuwala kwa pawindo.

Potumizirana, musaponye zithunzi pa WhatsApp wamba, chifukwa amazipanikiza mpaka matailosi amasanduka phala. Dinani HD, kapena tumizani ngati document. Muike zithunzi 12 mpaka 15 zosankhidwa bwino, choyamba chikhale cha kumaso kwa nyumba. Nambala ya galimoto, nkhope za ana, satifiketi zopachika pakhoma ndi kumene kumakhala TV yaikulu zisaoneke, popeza si onse oona zithunzi amene ndi ogula. Pakati pa chithunzi chilichonse mulembepo nambala ya foni ya ejenti mosaonekera kwambiri, pamalo posadulika. Akamberembere amakopera zithunzi zokongola, n'kuziika kwina ngati nyumba ya lendi, n'kumatolera ndalama yokaonera kwa anthu osadziwa, ndipo obedwawo akadzagogoda pageti, wowayankha adzakhala alamu anu.