Makina a CPAP Akuwaumitsa Kukamwa

Funso: Bambo akunyumba amaliza mkonono, mpweya n'kumabanika ali m'tulo. Adokotala anawapatsa makina a CPAP, owapopera mpweya kudzera pa maski yovala kumphuno akamagona, koma amadzuka kukamwa kutauma gwa, maso akuwawa. Titani? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho: Mayi, asawasiye makinawo, mpweya wakewo ndi umene umaletsa njira ya kummero kutsekeka. Maso akuwawa chifukwa maski ikudontha mpweya chapamphuno. Akonze malamba ake atagona kale, osamangitsa, chifukwa ikathina imapindika n'kudonthanso. Kukamwa kumauma akagona kuli yasa, choncho ayese maski yophimba mphuno ndi pakamwa pomwe. M'kathanki ka chinyezi ka makinawo muzithira madzi a distilled (ochotsedwa mchere ndi zinyalala) tsiku lililonse. Fumbi la m'chilimwe limatseka fyuluta (sefa ya mpweya ya makinawo) msanga, muziiona sabata iliyonse. Mphamvu ya mpweya asinthe ndi adokotala okha.