Kamera muwapatse eni nkhani

Achemwali, mwafunsa kuti muyambire pati kujambula filimu ya moyo wa anthu othawa kwawo ku Dzaleka, poti foni yabwino muli nayo. Yankho langa mwina silikukomerani: inu musakakhale wojambula. Kaphunzitseni eni ake, foniyo aigwire okha.

Kampu ya Dzaleka ku Dowa inatsegulidwa mu 1994, pamalo pomwe nthawi ya Kamuzu panali ndende ya akaidi a ndale. Malo oyenera anthu 10,000 kapena 12,000 lero akusunga opitirira 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda. Zaka zonsezi alendo a makamera akhala akufika, koma zomwe amabwerera nazo n'zomwezomwezo: mzere wa zigubu pamjigo, mwana wosavala nsapato, mayi akupukuta misozi. Si zabodza ayi, kungoti mlendo amaona zomwe anabwera akuyembekezera. Mnyamata wobadwira momwemo, amene kunyumba amayankhula Chiswahili, pamsika Chichewa, angakutengereni pamsika wa Lachiwiri, kwa telala amene amasoka zovala za maukwati, kapena kwa mchemwali wake amene anakhoza bwino sukulu koma malamulo sakumulola kukagwira ntchito kunja kwa kampu. Za mu 2023, pomwe boma linasonkhanitsa amene ankakhala m'matauni n'kuwabwezera kukampu, ife tinangomva pa wailesi. Amene anatseka golosale yake ku Lilongwe n'kukwera galimoto ya apolisi ndiye angafotokoze, ndipo angafotokozere bwino mnzake kusiyana ndi inu.

Njira imeneyi si yachilendo. Mu 1967 a National Film Board of Canada anajambula asodzi a pachilumba cha Fogo ku Canada komweko, ndipo mafilimuwo ankayamba aonetsedwa kwa eni ake asanapite kwa akuluakulu a boma. Ku Kakuma ku Kenya, bungwe la FilmAid lakhala likuphunzitsa achinyamata a m'kampu kujambula okha. Ku Dzaleka nakonso simukayambira pabwalo lopanda kanthu: kuli wailesi ya Yetu, kuli chikondwerero cha zaluso cha Tumaini Festival chomwe mlakatuli wa ku Congo Menes La Plume anachiyambitsa mu 2014, ndipo ojambula alipo kale. Kafunseni iwowo chomwe akusowa.

Chilolezo cha ofesi ya boma yoona za othawa kwawo mutenge musananyamuke, osamangotulukira.

Pomwe ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi pa nkhope za anthu. Ena anathawa anthu amene mpaka lero akuwasaka, ena nkhani zawo zopempha chitetezo sizinathe. Kanema amene mwaika pa Facebook m'mawa, madzulo ali pa foni ya munthu ku Bukavu ku DRC kapena ku Bujumbura ku Burundi. Choncho munthu kungogwedeza mutu sikokwanira. Mufotokozereni m'chiyankhulo chake komwe filimuyo idzaonetsedwe, ndipo adziwe kuti akhoza kusintha maganizo ngakhale mutajambula kale. Wina angalole kuti mujambule manja ake okha akukanda ufa wa chapati uku akuyankhula, ndipo kunena zoona zoterozo nthawi zina zimagwira mtima kuposa nkhope. Ana musawajambule popanda makolo.

Za zipangizo musavutike nazo mtima, koma kamaikolofoni kopanikiza pakolala kokha mugule. Ku Dowa kumawomba mphepo, ndipo anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino koma mawu osamveka ayi.

Ambiri amapereka kamera mokondwa, ikafika nthawi yodula ndi kulumikiza zithunzi n'kukadzitsekera okha ndi laputopu m'tauni. Pamenepotu ndi pomwe nkhani imabedwa, chifukwa wosankha chotsala ndi chotaya ndiye mwini filimu. Mukakhale nawo limodzi, ndipo mugwirizane pachiyambi pomwe kuti dzina lidzakhala la ndani, ndalama zikapezeka mudzagawana bwanji. Mawu a pansi pa kanema muike a Chichewa, osati Chingerezi chokha, kuti a m'midzi yoyandikana ndi kampu, amene amagulitsa nawo tomato pamsika womwewo, amve. Muyambe kuionetsa m'kampu momwemo. Akakuuzani kuti gawo ili lichoke, lichotseni ngakhale likhale lomwe inu mwalikonda kwambiri.