Kodi ndi tchimo kuseka pakhomo pali matenda?

Mayi wina wa ku Khombedza wanditumizira imelo. Akudwazika amayi ake, khansa ya khomo la chiberekero. Tsiku lina anaseka ndi anzake pamjigo, azakhali ake n'kumunena kuti alibe chisoni. Akufunsa ngati wodwazika amaloledwa kusangalala.

Achemwali, mwandigunda pachilonda.

Ine ndinadwazika bambo anga ku Nkhotakota atadwala sitiroko. Munthu woti ankapalasa bwato pa Chia mwera uli wuu, anafika pomwetsedwa phala ndi supuni. Mbali yakumanja inafa, pakamwa panapotoka. Achimwene ku Lilongwe ankatumiza ndalama pafoni, malangizo ambirimbiri pamwamba, koma zofunda zonyowa ndinkachapa ndine, usiku, kuopa maso a anthu.

Tsiku lina ndinawaphikira kondowole wa usipa. Anatema mbamu ndi dzanja lamanzere, kuiyang'ana, n'kutulutsa mawu oyamba omveka bwino chidwalireni: "Nsima yanji iyi, ngati ulimbo?" Ndinaseka mpaka kukhala pansi, iwo akuseka ndi theka la pakamwa, dovu likutsika. Bambo anga anali adakalipo, chipongwe chawo chonse chili chamoyo. Mawa lake ndinawapatsa ukonde wong'ambika. Ankaukoka ndi chala chakuphazi, ine ndikumanga mfundo, iwo akundikalipira kuti ndikuwononga. Masana amenewo sindiwasinthanitsa ndi chilichonse.

Ndiye azakhali anuwo andikhululukire. Anthu obwera kudzazonda kamodzi pamwezi, botolo la Sobo m'manja, nkhope atakwinya ngati maliro achitika kale, ndi amene amamuika wodwala m'manda asanafe. Wodwala amatopa ndi nkhope zotere. Enanso amangoti "Mulungu akudalitsani" akutuluka pakhomo. Ameni, koma madalitso sachapa chitenje. Bwanji osagona kuno usiku umodzi, mwana wa eni akeyu apezeko tulo?

Nanga mutani?

Ululu ukawakulira amayi anuwo musangowasiya kuti apirire. Ku Salima komweko kuli Ndi Moyo, malo osamalira odwala matenda osachiritsika amene Lucy Finch anatsegula mu 2007. Kafunseni za morphine wakumwa, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu. Ngati sakudzuka, muziwatembenuza maola awiri aliwonse kuopa zilonda zapamsana. Azakhaliwo apatseni Lachitatu likhale lawo. Ndipo nkhani inakuseketsani pamjigo ija, kawafotokozereni amayi.