Kodi mudzi ungakhale ndi gulu lozimitsa moto popanda galimoto?

Wowerenga wina wa kufupi ndi Linthipe, m'boma la Dedza, wanditumizira imelo yofunsa ngati n'zotheka kuti achinyamata a kwawo akhazikitse gulu lodzipereka lozimitsa moto. Iye wafotokoza kuti chaka chatha moto wochokera kutchire unapsereza nkhokwe ndi nyumba zofolera udzu m'mudzi mwawo, ndipo akufuna kudziwa poyambira, popeza alibe galimoto, zipangizo kapena ndalama.

M'bale wanga, n'zotheka ndithu, ndipo maganizo anuwa ndi oyenera kuwathandiza. Nthambi zokhazikika zozimitsa moto m'dziko muno zili pansi pa makhonsolo a mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, ndipo kuchokera ku Lilongwe kukafika paboma la Dedza pali mtunda wa makilomita pafupifupi 85. Nyumba ya udzu imatha kupsa m'mphindi zochepa chabe, choncho ngakhale galimoto itanyamuka nthawi yomwe mwaimba foni, imakapeza phulusa lokhalokha. Komabe ndikufuna mumvetse chinthu chimodzi musanasonkhanitse anzanu: gulu lopanda galimoto limagwira ntchito yake yaikulu moto usanabuke, ndipo likadikira kuti lidzaonekere pa tsiku la malawi, lidzagonja.

Yambani ndi amfumu. Gulu lomwe silinadalitsidwe pabwalo silingaletse munthu kutentha tchire, ndipo inu mukudziwa kuti moto wolusa wambiri kwathu kuno umayatsidwa ndi osaka mbewa, ososa m'minda, otentha makala komanso ofuna msipu watsopano wa ziweto. Anthu amenewa ndi abale athu omwe, ndipo kuwakalipira kokha sikuthandiza. Chofunika ndi malamulo a m'mudzi ogwirizana onse, onena kuti wofuna kutentha zinyalala m'munda adziwitse anzake oyandikana nawo, atenthe m'mawa kapena madzulo mphepo itadekha, ndipo asachoke mpaka moto utazimiratu. Funsaninso ngati m'mudzi mwanu muli komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, yomwe imalumikizana ndi khonsolo ya boma ndi DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zoterezi, komanso komiti yosamalira zachilengedwe, yomwe lamulo la zankhalango la 1997 limaivomereza. Kugwira ntchito pansi pa makomiti amenewa n'kwabwino kuposa kuyambitsa kagulu kena kapadera komwe kadzayamba kulimbirana maudindo ndi omwe alipo kale.

Dedza ili ndi mwayi womwe maboma ambiri alibe. Sukulu ya Malawi College of Forestry and Wildlife ili m'boma lomweli, ndipo ogwira ntchito m'nkhalango za paini za m'phiri la Dedza ndi ku Chongoni amalimbana ndi moto chilimwe chilichonse. Pitani ku ofesi ya zankhalango mukapemphe mlangizi kuti adzakuphunzitseni kulambula mizere yotchinga moto ndi kutentha udzu mofulumira, mvula ikangosiya, udzu usanaumiretu. Moto wa m'mwezi wa Meyi kapena Juni umayenda pang'onopang'ono ndipo supha mitengo, pamene wa mu Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma gwa, umalumpha ngakhale msewu. Mizereyo ilambulidwe kuzungulira nkhalango ya m'mudzi, manda, sukulu ndi malo a nkhokwe, ndipo pasatsale udzu kapena mapesi ounjikidwa pafupi ndi nyumba.

Za zipangizo musade nkhawa kwambiri. Makasu, zikwanje, mafosholo, ndowa, mchenga ndi nthambi zaziwisi zomenyera moto n'zokwanira poyambira. Gwirizanani za chizindikiro chimodzi choitanira anthu, kaya wezulo kaya belu la kutchalitchi, ndipo aliyense adziwiretu ntchito yake: ena kumjigo, ena kutulutsa ana, okalamba ndi olumala, ena kumasula ziweto m'khola.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chitetezo cha odziperekawo, chifukwa mnyamata wolimba mtima koma wosaphunzitsidwa ndiye amavulala msanga. Moto umathamanga kwambiri pokwera phiri, ndipo dera lathu ndi la mapiri, choncho palibe ayenera kuima kumtunda kwa moto kapena kumene mphepo ikuloza. Muziumenya kuchokera m'mbali ndi kumbuyo, mutaponda pamalo opsa kale, ndipo mtsogoleri aziwerenga anthu ake popita ndi pobwera. Valani zovala za thonje, chifukwa za nayiloni zimasungunuka n'kumatirira pakhungu. Denga la udzu likagwira moto, wina asalowemo kukatenga ndalama, feteleza kapena matumba a chimanga, koma mphamvu zonse zipite kunyowetsa ndi kuteteza nyumba zoyandikana.

Pa malo a malonda a m'mbali mwa msewu wa M1, monga Linthipe, Chimbiya kapena Lizulu, moto umakhala wa mtundu wina. Petulo wosungidwa m'zigubu akayaka musathirepo madzi, chifukwa mafutawo amayandama pamadzi ndipo moto umafalikira. Thirani mchenga kapena dothi. Mafuta ophikira akayaka m'chiwaya cha tchipisi, vundikirani ndi chitsulo kuti mpweya usalowe. Ngati moto wayamba ndi magetsi, zimitsani kaye pa switchi yaikulu, dziwitsani a ESCOM, ndipo musakhudze nthambo yomwe yagwa pansi. Galimoto yonyamula mafuta ikagubuduzika, ntchito ya gulu lanu ndi kuthamangitsa anthu kuti apite kutali ndi kuitana apolisi, osati kuzimitsa.

Pempaninso a Malawi Red Cross Society kapena azaumoyo a kwanuko kuti aphunzitse ena mwa inu chithandizo choyamba. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo thamangirani naye kuchipatala. Musapakepo mazira, mankhwala otsukira mano kapena mafuta, ndipo musaboole matuza. Amene zovala zake zagwira moto asathamange, koma agone pansi n'kudzigubuduza, kapena afunditsidwe bulangete.

Pa funso lanu la ndalama, ndikulangizani kuti musalonjeze anzanu malipiro kapena alawansi, chifukwa gulu loyambira pa chiyembekezo chotere limabalalika thandizo likachedwa. Ngati mudzi wagwirizana zosonkha kangachepe kogulira ndowa ndi mawezulo, ndalamazo zikhale ndi msungichuma wosankhidwa pabwalo, ndipo azipereka lipoti pamaso pa anthu onse. Msonkhano woyamba muuitanitse mu Epulo, anthu asanatanganidwe ndi kukolola, kuti pofika Juni mizere yotchinga moto ikhale italambulidwa.