Soya wanga amayoyoka maluwa ng'amba ikafika

Funso: Ndalima soya zaka ziwiri pa theka la ekala kuno ku Phalula. Amamera bwino, koma ng'amba ya mu Febuluwale ikagwa maluwa amayoyoka, makoko n'kukhala opanda kanthu. Kodi ndingosiya?
— Mayi wa ku Phalula, Balaka

Yankho: Mayi, musasiye msanga. Ku Balaka si ku Mchinji kapena ku Kasungu, mvula yake ndi yochepa, koma soya akhoza kucha. Nthawi imene amamva ludzu kwambiri ndi pochita maluwa ndi podzaza makoko. Ndiye nkhondo yanu ndi yoti nthawi imeneyo m'nthaka mukhale chinyezi.

Yambani ndi mbewu yocha msanga. Ine ndimakonda Tikolore, amacha m'miyezi itatu ndi masabata ochepa. Musamubzale pouma ngati mmene ena amachitira ndi chimanga. Njere ya soya ndi yanthete, ikakhala m'dothi lotentha imafa isanamere. Dikirani mvula yoti mukakumba ndi chala mupeze chinyezi, ndipo mubzale tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mbewu yogonera m'nyumba yamalata yotentha nayo imapusitsa. Chaka china ndinabzala yotere, ndipo mzere wonse unatuluka timbewu tongowerengeka. Tsopano ndimayamba ndaika njere 100 m'chiguduli chonyowa, n'kuwerenga zomera pakatha sabata.

Mizere italikirane masentimita 75, pamwamba pa mzere uliwonse mubzale timizere tiwiri, njere imodzi imodzi pa masentimita 5. Ena amati n'kuwononga mbewu, koma masamba akakumana msanga amaphimba nthaka, dzuwa silimwa madzi anu. Pakati pa mizere mangani ngonyeka, timizere topingasa, kuti madzi a mvula adikhe m'munda m'malo mothamangira kumsewu, ndipo mapesi a chimanga a chaka chatha muwayale pansi, osawotcha.

Inokulanti monga Nitrofix, amene ndi tizilombo tothandiza mizu ya soya kupeza chakudya kuchokera mumpweya, musakanize ndi mbewu pamthunzi, pansi pa mtengo wa mango kapena m'khonde, n'kubzala tsiku lomwelo. Tizilombo take timafa ndi dzuwa.

Udzu palirani usanakule, chifukwa umalimbirana madzi ndi soya. Masamba akachita chikasu n'kuyamba kuthothoka, makoko akamalira mukawagwedeza, dulani m'mawa kukadali mame. Mukachedwa makoko amaphulika, ndipo njere mudzazitolera pansi pamodzi ndi nkhuku.