Malipiro a £42,000 ku England: kodi akwanira banja la anthu anayi?

Bambo wina amene amawerenga zolemba zathu watitumizira imelo. Iye ndi injiniya, ndipo kampani ina ku England yamulonjeza ntchito ya £42,000 pachaka pa viza ya Skilled Worker ya zaka zitatu. Kampaniyo ili ndi maofesi awiri, ku London ndi kumpoto kwa dzikolo, ndipo yamuuza kuti asankhe. Akufuna kupita ndi mkazi wake ndi ana awiri, wa zaka 7 ndi wa zaka 3. Funso lake ndi lakuti: "Kodi ndalamazi zikwanira, ndipo ndikonzekere zingati ndisananyamuke?"

Bambo, kumpotoko ndalamazi zikwanira, koma mothinana. Ku London sizikwanira. Ndipo chimene chingakuvuteni kwambiri si malipiro a mwezi ndi mwezi, koma ndalama zimene zimafunika musanalandire malipiro oyamba. Manambala amene tigwiritse ntchito pano ndi a chaka cha msonkho cha 2025/26. Boma la UK limasintha mitengoyi pafupipafupi, choncho musanalipire kalikonse kaonaninso pa tsamba la boma la pa intaneti, gov.uk.

Choyamba, lekani kusintha £42,000 ija kukhala ndalama za kwanu n'kumadabwa kukula kwake. Lendi, chakudya ndi magetsi mudzalipira m'mapaundi. Komanso nambala imene ili pa kalata ya ntchito ndi ya msonkho usanachotsedwe. Pa £12,570 yoyamba simulipira msonkho. Yotsalayo, £29,430, amadulapo 20 peresenti, yomwe ndi £5,886. Pa ndalama yomweyo amadulanso 8 peresenti ya National Insurance (ndalama yosonkhera penshoni ya boma ndi thandizo lina la boma), pafupifupi £2,354. Zikatere mwatsala ndi £33,760 pachaka, kapena kuti £2,813 pamwezi. Kenako pali penshoni ya kuntchito, imene lamulo limati olemba ntchito akulowetsenimo ngakhale musanapemphe. Pa mlingo wotsikitsitsa, m'thumba mwanu mumachoka pafupifupi £120 pamwezi, kampani n'kuwonjezerapo gawo lake losachepera 3 peresenti. Mukhoza kutulukamo, koma sitikulimbikitsani kutero, chifukwa mukatuluka mwataya ndalama za kampani zija. Ndiye ndalama yeniyeni yolowa mu akaunti yanu ndi pafupifupi £2,690 pamwezi. Bajeti yonse imangidwe pa nambala imeneyi. Ofesi ikanakhala ku Scotland kawerengedwe kakanasiyana pang'ono, chifukwa kumeneko ali ndi magawo awoawo a msonkho.

Pa nkhani ya msonkhoyi pali chinthu chimene chimasokoneza anthu ofika kumene. Chaka cha msonkho chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo chaka chotsatira. Mukayamba ntchito chaka chili pakati, tinene mu Okutobala, ndipo nambala yanu ya msonkho yalembedwa bwino, miyezi yoyamba amakudulani msonkho wochepa kwambiri, chifukwa gawo losalipira msonkho la miyezi imene munalibe ntchito limawerengedwa pamodzi. Munthu amaona malipiro onenepa n'kutenga nyumba yodula, Epulo akafika malipiro n'kutsika kufika pa mlingo wake weniweni. Zimachitikanso mosemphana: mukapanda kudzaza fomu ya oyamba ntchito yotchedwa starter checklist, angakuikeni pa nambala ngati 0T kapena BR, ndipo amadula msonkho kuyambira pa paundi yoyamba. Yang'anani pepala la malipiro a mwezi woyamba. Nambala ya anthu ambiri ndi 1257L. Ikakhala ina, funsani a malipiro kuntchito kapena a HMRC, bungwe la boma lotolera misonkho. Ndalama yodulidwa mopitirira imabwezedwa, koma imachedwa, pamene inu mukuifuna mwezi womwewo.

Tsopano ndalama zofunika musananyamuke. Apa m'pamene tikufuna mukhale pansi ndi mayi a kunyumba ndi cholembera.

Viza ya Skilled Worker yosapitirira zaka zitatu, pa mitengo ya Epulo 2025, inali £769 munthu aliyense, ngakhale mwana. Anthu anayi ndi £3,076. Pamwamba pake pali ndalama ya zaumoyo yotchedwa Immigration Health Surcharge, imene imakulolani kugwiritsa ntchito zipatala za boma za NHS. Kuyambira mu Febuluwale 2024 ndi £1,035 pachaka kwa wamkulu ndi £776 pachaka kwa mwana. Banja lanu ndi £3,622 pachaka, ndipo salola kulipira pang'onopang'ono: zaka zonse zitatu zimalipidwa nthawi imodzi pofunsira viza, zomwe ndi £10,866. Kuphatikiza ziwirizi, mwatulutsa £13,942 musanagule tikiti ya ndege ngakhale imodzi. Anamwino ndi madokotala opita pa viza ya Health and Care Worker salipira ndalama ya zaumoyoyi, n'chifukwa chake mukamamva anthu akusimba kuti anapita motchipa, funsani kaye viza imene anapitira.

Palinso ndalama imene simulipira koma muyenera kuonetsa kuti muli nayo: £1,270 ya inu, £285 ya mkazi wanu, £315 ya mwana woyamba ndi £200 ya wachiwiri, zonse pamodzi £2,070. Iyenera kukhala mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsika ngakhale tsiku limodzi. Anthu amakanidwa viza chifukwa chotapako pang'ono pakati pa masikuwo n'kubwezeretsa mawa lake. Kampani ikalemba pa chikalata chokuitanirani kuti idzakusamalirani mwezi woyamba, umboni umenewu sufunika. Ipempheni itero, sizivuta. Onjezerani mayeso a Chingerezi ngati akufunika, kuyezetsa TB ngati dziko lanu lili pa mndandanda wa maiko ofunika kutero, ndi matikiti anayi a ndege.

Funso lofunika kwambiri kufunsa kampani si lakuti "mungawonjezere malipiro?" koma lakuti "pa ndalama za viza ndi za zaumoyo, mulipira ziti, ndipo za banja langa zilimo?" Makampani ena amalipira za wantchito yekha, ena za banja lonse, ena salipira chilichonse. Kusiyana kwake ndi pafupifupi £14,000, kuposa malipiro a miyezi isanu olowa m'thumba. Akavomera, werengani bwino ndime ya kontrakiti yonena za kubweza ndalamazo mukasiya ntchito msanga. Ndime yabwino imachepetsa ngongoleyo chaka ndi chaka, ndipo imatchula ndalama zenizeni. Yoipa imangoti mudzabweza "zonse zimene kampani inawononga". Dziwaninso kuti ndalama ya laisensi ya kampani yoitanira anthu akunja, ya chikalata chokuitanirani, ndi ya Immigration Skills Charge ndi za kampani, ndipo malamulo salola kuzikankhira kwa wantchito. Wina akakuuzani kuti mugule chikalatacho, ameneyo akufuna kukuberani.

Tibwere ku nyumba, imene imadya gawo lalikulu la malipiro. Malinga ndi ofesi ya boma yowerengera zinthu ya ONS, mu 2025 lendi ya pakatikati ku London inali yoposa £2,200 pamwezi, pamene kumpoto chakum'mawa kwa England inali yosafika £800. Mizinda ngati Manchester ndi Leeds ili pakati pa ziwirizi. Ma ejenti ambiri a nyumba ali ndi kawerengedwe kawo: malipiro anu a pachaka akhale osachepera lendi ya pamwezi kuchulukitsa ka 30. Ndi £42,000, nyumba yodula kwambiri imene angakuloleni ndi ya £1,400. Nyumba ya £2,200 imafuna malipiro a £66,000. Choncho ku London nkhani imathera pakhomo pa ejenti, musanayambe n'komwe kuwerengera chakudya. Mukhoza kukhala kunja kwa mzinda n'kumakwera sitima, koma zimene mwapulumutsa pa lendi zambiri zimathera pa tikiti, ndipo maola amene mukanakhala ndi ana amathera panjira.

Tiyerekeze kuti kumpoto mwapeza nyumba ya zipinda zogona ziwiri ya £1,200. Ku England dipoziti siyenera kupitirira lendi ya masabata asanu, yomwe pa nyumbayi ndi pafupifupi £1,385. Ndi lendi ya mwezi woyamba, mukufunika £2,585 tsiku lolandira makiyi. Mwininyumba ayenera kusungitsa dipozitiyo ku bungwe lovomerezeka ndi boma pasanathe masiku 30, n'kukupatsani umboni. Jambulani chipinda chilichonse tsiku lolowa, kapeti, makoma, mkati mwa uvuni, chifukwa zithunzizo n'zimene zidzakubwezereni dipoziti potuluka. Vuto la ofika kumene ndi lakuti alibe mbiri ya ngongole m'dzikomo, ndiye ejenti amafuna munthu wokuimirani amene adzalipire mukalephera. Pemphani kalata ya kampani yotsimikizira ntchito ndi malipiro, ndipo funsani ngati ingakupatseni pogona pa masabata oyamba. Musatumize dipoziti pa nyumba imene inu kapena munthu amene mumamukhulupirira sanalowemo. Nyumba zambiri zimabwera zopanda mipando, kotero mabedi, matiresi ndi ziwiya ndi ndalama inanso ya mwezi woyamba.

Lendi ikalipidwa, mabilu akudikira. Msonkho wa khonsolo umalipidwa ndi wokhala m'nyumba, osati mwiniwake. Nyumba zimaikidwa m'magulu kuyambira A mpaka H, ndipo gulu la pakati la D linkalipira pafupifupi £2,280 pachaka mu 2025/26. Kawirikawiri amaugawa m'miyezi 10, kuyambira Epulo mpaka Januwale, koma mukhoza kupempha miyezi 12, n'kumalipira £190. Nyumba zing'onozing'ono zambiri kumpoto zili m'magulu A ndi B, otsikirapo, choncho funsani gulu la nyumba musanasaine. Magetsi ndi gasi, pa mitengo ya bungwe la Ofgem ya 2025, banja wamba linkalipira pakati pa £1,700 ndi £1,850 pachaka, tinene £150 pamwezi. Madzi ndi pafupifupi £50. Laisensi ya TV inali £174.50 pachaka mu 2025/26, ndipo imafunika ngati mumaonera mapulogalamu pamene akuulutsidwa kapena BBC iPlayer.

Pa gasi tiime pang'ono. Zambiri zimathera pa kutenthetsa nyumba kuyambira Novembala mpaka Malichi. Nyumba iliyonse ya lendi ili ndi chikalata cha EPC chosonyeza mmene imasungira kutentha, kuyambira A mpaka G. Nyumba ya E yotchipa ndi £50 pamwezi ikhoza kukudyerani zoposa pamenepo m'miyezi yozizira poyerekeza ndi ya C. Ndipo anthu akamazimitsa zotenthetsera pofuna kusunga ndalama, uku akuyanika zovala m'nyumba mazenera ali otseka, nkhungu yakuda imamera m'makona ndi kuseri kwa mawadirobu. Imeneyi imavutitsa chifuwa cha ana, komanso mwininyumba amadulira dipoziti. Pokaona nyumba, suzumirani kuseri kwa makatani ndi pansi pa mazenera.

Tiphatikize: lendi £1,200, khonsolo £190, magetsi ndi gasi £150, madzi £50. Zonse ndi £1,590. Pa £2,690 ija patsala £1,100 ya chakudya cha anthu anayi, mayendedwe, mafoni, intaneti, zovala zozizira, yunifolomu ya sukulu, ndi chilichonse chimene mukufuna kusunga kapena kutumiza kwa abale. Banja limakhala pa ndalama imeneyi likamaphika lokha n'kumagula m'masitolo otchipa monga Aldi ndi Lidl, koma chotsala chimakhala chochepa. Auzeni abale zoona zake msanga, asayembekezere zimene chaka choyamba sichingapereke. Galimoto idikire kaye. Laisensi yakunja imagwira miyezi 12 yokha, ndipo inshulansi ya munthu wopanda mbiri yoyendetsa m'dzikomo ndi yodula zedi.

Mwina mukuti mayi akayamba ntchito zinthu zipepuka. Viza yawo imawalola kugwira ntchito, ndipo malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'mwamba anali £12.21 pa ola kuyambira Epulo 2025. Iwonso ali ndi £12,570 yawo yosadulidwa msonkho, kotero malipiro achiwiri amasintha zinthu kwambiri. Koma akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo: ntchito imene sinapezeke musaiike mu bajeti ya miyezi itatu yoyamba. Chovuta china ndi mwana wamng'onoyo. Wa zaka 7 aphunzira ulere kusukulu ya boma. Wa zaka 3 ali ndi maola 15 okha aulere pasabata kwa masabata 38 pachaka, ndipo maola owonjezera ndi olipira, modula. Viza yanu imaletsa kulandira thandizo la boma, kuphatikizapo Child Benefit (ndalama yothandizira kulera ana) ndi Universal Credit (ya opeza zochepa), choncho zimene anzanu a kuntchito amawerengera pa ana, inu musawerengere. Mabanja ambiri amathana nazo posinthana mashifiti, wina masana wina madzulo, mpaka mwana atayamba sukulu mu Seputembala wotsatira atakwanitsa zaka 4.

Chomaliza chofunika kuchidziwa ndi chakuti viza yanu yamangiriridwa ku kampaniyo. Ntchito ikatha, nthawi zambiri Home Office, unduna woona za olowa ndi otuluka m'dziko, imakupatsani masiku 60 oti mupeze kampani ina yokuitanani kapena mutuluke m'dzikomo, ndipo banja lonse limatsatira viza yanu. Onaninso kuti kuyambira pa 22 Julayi 2025 malipiro otsikitsitsa a viza imeneyi ndi £41,700, kapena mlingo wa ntchito yanuyo ngati uli wokwera kuposa pamenepo. Inu mwangodutsa ndi £300 yokha, ndiye funsani kampani nambala ya ntchito imene yalemba pa chikalata, muone nokha mlingo wake pa gov.uk.

Malangizo athu ndi awa. Sankhani kumpoto. Ngati kampani ilipira viza ndi zaumoyo za banja lonse, pitani limodzi, muli ndi ndalama zosachepera £6,000 za dipoziti, lendi yoyamba, mabedi ndi chakudya kufikira malipiro oyamba, amene angatenge masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Ngati ilipira za inu nokha, zotsala za mayi ndi ana ndi £10,068, ndipo ndalama imeneyi musaitenge pa ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu. Tsogolani nokha, khalani m'chipinda cha lendi m'nyumba yogawana ndi ena, sonkhanitsani mapepala a malipiro a miyezi ingapo kuti ejenti akukhulupirireni, kenako banja lifunsire viza yobwera kudzakupezani. Malamulo amalola kuti abwere pambuyo, ndipo ndalama yawo ya zaumoyo imawerengedwa pa nthawi imene yatsala pa viza yanu.